Mmene Adakonzera Tchalitchi Chachikulu cha Notre-Dame ku Paris

Nkhani ya lero ikutengera omvera ku Paris, likulu la dziko la France, kumene kuli tchalitchi chachikulu chotchedwa Notre-Dame. Dzinali ndi la Chifalansa, ndipo litanthauza Amayi Athu, ndiye kuti Maria amayi a Yesu. Tchalitchichi chidapsa ndi moto pa 15 Epulo 2019, ndipo chidatsekulidwanso pa 7 Disembala 2024. Pakati pa masiku aŵiri ameneŵa padagwirika ntchito yaikulu imene anthu ambiri ankati siingatheke pa nthaŵi yochepa chotere. Nkhani ino ilongosola mmene amisiri adakonzera nyumbayi, kunja ndi mkati momwe, ndiponso mafunso ovuta amene adayenera kuyankha asanayambe kusema mtengo kapena mwala ndi umodzi womwe.

Mbiri ya tchalitchichi

Notre-Dame chili pa kachilumba ka pakati pa mtsinje wa Seine. Ndicho tchalitchi cha Arkiepiskopi wa ku Paris, momwe muli mpando wake. Ntchito yomanga idayamba mu 1163 pa nthaŵi ya Episkopi Maurice de Sully, ndipo idatenga zaka pafupifupi 200. Anthu amene adakumba maziko sadaone nsanja zake zitatha. M'litali nyumbayi ndi ya mamita pafupifupi 128, ndipo nsanja zake ziŵiri zakumaso zimafika mamita 69.

Aka sikadali koyamba kuti tchalitchichi chione mavuto. Pa nthaŵi ya chipwirikiti chimene chidagwetsa ufumu ku France, anthu adagwetsa zifanizo za miyala za mafumu a ku Yuda zimene zidali kumaso kwa nyumbayi, nazidula mitu mu 1793, poyesa kuti ndi mafumu a dziko lao. Pambuyo pake nyumbayi idatsala yosasamalidwa, mpaka pamene buku la Victor Hugo, limene lidatuluka mu 1831, lidadzutsa mitima ya anthu kuti aikumbukire. Kuyambira mu 1844 mpaka mu 1864 akatswiri aŵiri a zomangamanga, Jean-Baptiste Lassus ndi Eugène Viollet-le-Duc, adatsogolera ntchito yoikonza. Lassus adamwalira mu 1857, ndipo Viollet-le-Duc ndiye adatsiriza. Iyeyu ndiye adamanga nsanja yosongoka ya pakati pa denga, ya mamita 96, ya mitengo yokutidwa ndi mtovu. Malinga ndi lamulo la mu 1905, mwini wa nyumbayi ndi Boma la France, koma Mpingo wa Katolika ndiwo umapempheramo.

Kuti omvera amvetse zimene zidachitika, ayenera kudziŵa kuti tchalitchichi chili ndi madenga aŵiri. Munthu akaloŵa mkati nayang'ana kumwamba, amaona denga la miyala lopindika ngati uta, pa msinkhu wa mamita oposa 30. Pamwamba pa denga la miyalalo padali lina la mitengo ya thundu, lofoleredwa ndi mtovu. Mitengo yake yambiri idadulidwa zaka 800 zapitazo, ndipo idali yochuluka kotero kuti anthu ankangolitcha dengalo kuti Nkhalango.

Usiku wa moto

Pa 15 Epulo 2019 lidali Lolemba la Sabata Loyera. Nthaŵi itangopitirira 6 koloko madzulo, Misa ili mkati, chipangizo chochenjeza za moto chidalira. Mlonda amene adatumidwa kukaona adakwera ku denga la nyumba ina yogundizana ndi tchalitchi, yosungiramo zovala ndi ziŵiya za ansembe, ndipo sadapeze kanthu. Pamene adazindikira kuti moto uli m'denga lalikulu, padali patapita pafupifupi theka la ora. Mitengo youma ya zaka mazanamazana idayaka ngati udzu wa m'chilimwe, ndipo m'dengamo mudalibe makoma otchinga moto kapena mipope yowaza madzi. Isanakwane 8 koloko usiku, nsanja yosongoka ija idathyoka nigwa, anthu zikwizikwi akupenya m'mphepete mwa mtsinje.

Ozimitsa moto oposa 400 adalimbana nawo usiku wonse. Sadafune kuthira madzi kuchokera m'ndege, poopa kuti kulemera kwa madziwo kungagwetse makoma. Nthaŵi yoopsa koposa idali pamene malaŵi adafika m'nsanja yakumpoto, momwe mabelu adapachikidwa pa mitanda ya mitengo. Mitandayo ikadapsa, mabelu akadagwa ndi kugumula nsanjayo, ndipo nyumba yonse ikadakhala pa ngozi. Gulu la ozimitsa moto lidakwera mkati mwa nsanjayo, miyoyo yao ili m'manja, nauletsa motowo. Anthu ena adandandalika napatsirana katundu wopatulika mpaka kunja, ndipo mwa zopulumutsidwazo mudali chisoti chaminga chimene Akatolika amachilemekeza ngati chimene Yesu adavekedwa. Palibe munthu amene adafa pa ngoziyi. Ofufuza sadapeze umboni woti wina adayatsa dala. Adaganizira za vuto la magetsi kapena kanthu ka fodya kotayidwa kosazima, popeza pa denga padali ntchito yokonza nsanja.

Tsiku lotsatira, Mtsogoleri wa dziko la France, Emmanuel Macron, adalonjeza kuti tchalitchichi chidzamangidwanso pa zaka zisanu. Anthu pafupifupi 340,000 a m'maiko 150 adasonkha ndalama zokwana mamiliyoni 846 a yuro. Boma lidakhazikitsa bungwe lapadera loyang'anira ntchitoyi, naika mkulu wa asilikali wopuma, Jean-Louis Georgelin, kuti alitsogolere. Katswiri wamkulu wa zomangamanga adali Philippe Villeneuve, mothandizidwa ndi Rémi Fromont ndi Pascal Prunet.

Kuchirikiza nyumba kuti isagwe

Zaka ziŵiri zoyamba sadamange kanthu katsopano. Ntchito yonse idali yoteteza zotsala, pakuti nyumbayi ikadatha kugwa moto utazima kale. Chifukwa chake ndi ichi. Denga la miyala lija limakankhira makoma kunja. Kuti makoma asaphwasuke, omanga akale adaimika mizati kunja kwa nyumba, yokhala ndi mikono ya miyala yopindika imene imakankhira makomawo mkati. Mphamvu ziŵirizi zimalingana, monga anthu aŵiri otsamirana. Tsono nsanja ndi mitanda pakugwa zidaboola denga la miyalalo malo atatu. Likadapitirira kugumuka, mikono yakunja ija ikadasoŵa choikaniza, ndipo ikadagwetsera makoma mkati. Motero akalipentala adakhoma mauta akuluakulu a matabwa pansi pa mikono 28, kuti kulemera kwake kutsamire pa matabwawo.

Vuto lachiŵiri lidali makwerero a mapaipi achitsulo amene amisiri adali atamanga kuzungulira nsanja moto usanabuke. Kutentha kudapinda ndi kumamatiza zitsulo 40,000, zolemera matani 200, ndipo zidangoti lende pamwamba pa denga lobookalo. Kuyambira mu Juni mpaka mu Novembala 2020, amisiri olendeŵera pa zingwe adacheka zitsulozo chimodzichimodzi, akudziŵa kuti kulakwitsa kamodzi kokha kukadagwetsa mulu wonse.

Vuto lachitatu lidali mtovu. Pa denga ndi pa nsanja padali matani oposa 400 a mtovu. Wina udasungunuka, wina udasanduka fumbi limene lidagwera mkati mwa tchalitchi ndi m'misewu yoyandikana nacho. Mtovu ndi chiphe, makamaka kwa ana, chifukwa umaononga ubongo ndi magazi. Ntchito idaimitsidwa kwa masabata angapo mu 2019 kuti akhwimitse malamulo oteteza antchito, ndipo masukulu ena apafupi adatsukidwa. Kuyambira pamenepo aliyense woloŵa pa malowo ankavala zovala zapadera, ndipo potuluka ankazivula ndi kusamba thupi lonse, ngakhale pongopita kukadya. Mliri wa Covid-19 nawo udaimitsa ntchito mu Malichi 2020. Zogumuka za pansi, pamene padali poopsa kuti munthu apondepo, adazichotsa ndi makina oyendetsedwa munthu ali patali. Sadataye kanthu: mwala uliwonse ndi chikuni chilichonse adachilemba nambala nachisunga kuti akatswiri achiphunzire.

Chakale kapena chatsopano?

Ntchito yoteteza ili mkati, kudabuka mkangano waukulu. Ena ankati mbadwo uliwonse umasiya chizindikiro chake pa nyumba yotere, monga adachitira Viollet-le-Duc, choncho padafunika nsanja ya makono, kaya ya galasi kaya ya chitsulo. Nduna Yaikulu ya nthaŵi imeneyo, Édouard Philippe, adalengeza kuti padzakhala mpikisano wa akatswiri. Ena ankati denga la mitengo lidzapsanso, ndi bwino kumanga la chitsulo kapena la konkire, monga zidachitikira ku matchalitchi ena a ku France amene adapsa kale. Koma Villeneuve ndi anzake adaumirira kuti wokonza nyumba yakale ndi mlezi chabe, mwini wake ndi amene adaimanga; udindo wake ndi kubwezera chimene chidalipo. Mu Julaye 2020 Boma lidagamula kuti zonse zimangidwe monga zidaliri, ndi mitengo ya thundu, miyala ndi mtovu.

Chigamulochi chidatheka chifukwa nyumbayi idali yodziŵika bwino pa mapepala. Zojambula za Viollet-le-Duc zidali zosungidwa. Ndiponso mu 2014 Rémi Fromont ndi mnzake Cédric Trentesaux adali atakwera m'Nkhalango muja nayeza mitanda yake ndi malumikizidwe ake, osadziŵa kuti patapita zaka zisanu miyeso yaoyo ndiyo idzatsale m'malo mwa denga lenilenilo.

Ntchito ya kunja: denga ndi nsanja

Mitengo ya thundu pafupifupi 2,000 idasankhidwa m'nkhalango za Boma ndi za anthu wamba m'zigawo zosiyanasiyana za France, ndipo yambiri idaperekedwa ngati mphatso. Yoyamba, yokwana ngati 1,000, idagwetsedwa kumayambiriro kwa 2021, madzi asanakwere m'mitengo, kuti ikhale ya nsanja ndi ya denga la pamphambano ya nyumbayi. Imeneyi idachekedwa ndi makina, pakuti ndi mmenenso adachitira pa nthaŵi ya Viollet-le-Duc.

Koma mitanda ya denga lakalekale lija adaisema ndi nkhwangwa pa manja. Osula zitsulo adasula nkhwangwa zofanana ndi za makedzana, ndipo akalipentala adasema thunthu lililonse likali laliŵisi, mtengo umodzi nkutulutsa mtanda umodzi, monga achitira osema bwato. Sadachite izi pongofuna kukometsa. Sowo imadula molunjika osasamala za mitsempha ya mtengo, pamene nkhwangwa imatsata mitsemphayo, ndipo mtima wa mtengo umatsala pakati pa mtanda. Chomwecho mtandawo umakhala wolimba ndipo supindika kwambiri pouma. Mitandayo adailumikiza poloŵetsana mano ndi kukhoma zikhomo za mitengo. Adayamba aimanga pansi ku malo ao ogwirira ntchito kuti aone ngati ikugwirana, kenaka nkuiphwasula, kupita nayo ku Paris, ndi kuikweza ndi makina onyamulira. Apa ndi pamene padaonekera kuti mutu umodzi susenza denga: antchito pafupifupi 2,000 a m'makampani 250 ndiwo adagwira ntchito yonseyi.

Nsanja yatsopano idakwera pang'onopang'ono m'chaka cha 2023. Georgelin sadaione itatha, pakuti adamwalira pa ngozi ku mapiri a Pyrénées mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo Philippe Jost ndiye adaloŵa m'malo mwake. Pa 16 Disembala 2023 adaika tambala watsopano wa mkuwa wokutidwa ndi golide pa nsonga penipeni. Mkati mwake adaikamo zotsala za anthu oyera pamodzi ndi maina a amene adagwira ntchitoyi. Tambala wakale adapezeka m'zogumuka tsiku lotsatira motowo, wophwanyika koma wosapsa, ndipo adasungidwa. Zifanizo 16 za mkuwa za patsinde pa nsanja, za atumwi 12 ndi zizindikiro za alembi anayi a Uthenga Wabwino, zidapulumuka mwa mwai, chifukwa zidatsitsidwa kuti zikakonzedwe masiku anayi moto usanachitike. Zidabwezedwa m'malo mwake mu 2025.

Denga lidafoleredwanso ndi mtovu, ngakhale mabungwe ena a zaumoyo adadandaula. Koma pa chinthu chimodzi sadatsate zakale: m'denga latsopano adaikamo makoma otchinga moto, makamera ozindikira kutentha, ndi mipope yotulutsa madzi ngati nkhungu, imene imazimitsa moto popanda kumiza miyala.

Miyala ndi kutsuka mkati

Moto umaononga mwala wa njereza mobisika. Kunja mwala ungaoneke wabwino, pamene mkati wang'aluka kapena wayamba kufumbutuka. Akatswiri adayesa miyala ya denga lamkati kuti adziŵe yoyenera kusunga ndi yoyenera kusintha. Yatsopano adakaifuna ku migodi ya miyala ya kumpoto kwa Paris, posankha yofanana ndi yakale pa kulimba ndi pa maonekedwe, popeza migodi yakale ya mu Paris momwemo idatsekedwa kalekale. Osema adaisema umodziumodzi, ndipo omanga adaiyala pa mauta a matabwa, naimanga ndi dothi la njereza ndi mchenga, osati simenti. Simenti ndi youma gwa ndipo siilola chinyezi kutuluka, choncho imaphwanya mwala wofeŵa. Njereza imapuma ndipo imalola nyumba kusuntha pang'ono popanda kung'aluka. Pochita izi adapezanso zitsulo zolumikizira miyala zimene omanga oyamba adaziika cha m'ma 1160, umboni woti adadziŵa kulimbitsa makoma ndi chitsulo kale kuposa mmene ambiri ankaganizira.

Mkati mwa tchalitchi mudali mwakuda kale moto usanabwere, chifukwa cha utsi wa makandulo ndi fumbi la zaka zoposa 150. Tsono pamwamba pa litsirolo padagwera mwaye ndi fumbi la mtovu. Malo otsukidwa adakwana masikweyamita 42,000. Poyamba adayamwa fumbi ndi makina. Kenaka adapaka makoma phala la mphira, ndipo litauma adalisenda ngati khungu, litsiro nkuchokera kumodzi. Madzi ozimitsira moto adali ataloŵa m'miyala nasungunula mchere wa mkati mwake, ndipo mcherewo pouma umatupa ndi kufumbutula mwala. Pofuna kuuchotsa adamata makoma ndi dothi loyera losakaniza ndi mchenga ndi madzi oyera, kuti dothilo pouma likoke mcherewo. Pa zosema zosakhwima adagwiritsa ntchito kuŵala kwa leza. Zojambula za pa makoma a tizipinda topemphereramo ta m'mbali adazitsuka ndi thonje lokulunga pa kamtengo, kachigawo kakang'ono pa tsiku. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Zitatha izi miyala idabwerera ku mtundu wake woyererako ngati mchenga, ndipo ambiri amene ankachidziŵa tchalitchichi chili cha mdima adadabwa poloŵamo.

Magalasi, limba ndi mabelu

Mazenera atatu aakulu ozungulira, a magalasi amitundumitundu a zaka za m'ma 1200, adapulumuka. Mazenera apamwamba adaguluka ndi kutumizidwa kwa amisiri a magalasi m'madera osiyanasiyana kuti akatsukidwe, ndipo anayi mwa iwo adakakonzedwa ku tchalitchi chachikulu cha ku Cologne m'dziko la Germany.

Limba lalikulu, la mapaipi pafupifupi 8,000, silidapse ndipo silidanyowe kwambiri, koma lidadzaza fumbi la mtovu. Mu 2020 adaliphwasula lonse. Paipi iliyonse idatsukidwa, kuyambira zazing'ono ngati cholembera mpaka zotalika mamita khumi, ndipo zikopa za nkhosa zotsekera mphepo zidasinthidwa. Atalibwezera, ntchito yokonza mau ake idatenga miyezi ingapo, ndipo inkachitika usiku, pamene nyundo ndi makina zidali zitakhala chete, chifukwa wokonza limba amadalira khutu lake. Mabelu asanu ndi atatu a m'nsanja yakumpoto adapita ku Normandy kukatsukidwa ndi kukonzedwa. Adabwerako mu Seputembala 2024, ndipo pa 8 Novembala adalira pamodzi koyamba chichitikire moto.

Ntchitoyi idavumbulanso zobisika. Mu 2022, asanaimike makwerero olemera omangira nsanja, akatswiri ofukula zakale adakumba pansi pa mphambano ya tchalitchi. Adapeza mabokosi aŵiri a maliro a mtovu, limodzi la wansembe Antoine de La Porte amene adamwalira mu 1710. Adapezanso zidutswa zoposa 1,000 za khoma losemedwa la zaka za m'ma 1200, limene kale linkalekanitsa malo a ansembe ndi a anthu, zina zikali ndi utoto wake wofiira ndi wobiriŵira.

Kutsekulira ndi ntchito yotsala

Pa 15 Novembala 2024 chifanizo chakale cha Maria atanyamula Mwana, chimene chidapezeka chili chiimire pakati pa zogumuka, chidabwezedwa m'tchalitchi pa tsiku la ulendo wa mapemphero wodutsa m'misewu ya mzindawo. Pa 7 Disembala Arkiepiskopi Laurent Ulrich adagogoda pa chitseko chachikulu ndi ndodo yake ya ubusa, yosemedwa kuchokera ku mtanda wina wa denga lakale umene sudapse wonse, ndipo zitseko zidatsekuka. M'maŵa mwake adadalitsa guwa latsopano la mkuwa, lopangidwa ndi Guillaume Bardet, napereka Misa yoyamba. Nsanja ziŵiri zakumaso zidatsekulidwa kwa alendo mu Seputembala 2025.

Ntchito yofikitsa pa tsikuli idadya mamiliyoni pafupifupi 700 a yuro. Ndalama zotsala, ngati mamiliyoni 140, adaziika padera kuti zikonzere mbali yakunja ya kuvuma, mikono ya miyala ija, ndi nyumba ya zovala za ansembe. Mbali zimenezi sizidaonongeke ndi moto. Zidadyeka ndi mvula, chisanu ndi utsi wa mumzinda, ndipo akatswiri ankadandaula za izo zaka zambiri 2019 isanafike, koma ndalama sizinkapezeka zokwanira. Mikangano nayo siidathere pa tsiku lotsekulira, pakuti ganizo la Boma loika magalasi amakono a Claire Tabouret m'mazenera asanu ndi limodzi, m'malo mwa a nthaŵi ya Viollet-le-Duc amene sadapse, lidatsutsidwa ndi anthu ambiri osamala za zinthu zakale.

Nkhani ya Notre-Dame ionetsa zinthu zitatu zimene zidapulumutsa nyumbayi: kulimba mtima kwa ozimitsa moto, miyeso imene anthu adalemba ngozi isanadze, ndi luso la manja limene lidali lisanafe, popeza padali akalipentala, osema miyala ndi osula ochepa amene adapitiriza kuphunzitsa achinyamata ntchito imene ena ankaiyesa yachikale. Ionetsanso chinthu chomvetsa chisoni: ndalama zimene zidasoŵa pa zaka zambiri za kudontha ndi kung'aluka zidasonkhedwa pa masiku oŵerengeka moto utaoneka. Aliyense wosunga nyumba yakale, kaya ndi tchalitchi, mzikiti kapena sukulu, adziŵa kuti adani ake enieni ndi madzi oloŵa pa denga, waya wa magetsi wokalamba, ndi mlonda amene sadauzidwe bwino kumene ayenera kuthamangira belu lochenjeza likalira.